Suti Imodzi, Amuna Awiri

Sekani, a Jere, sekani ndithu, mano ndi anu. Koma amene akuti ndikunama aimirire pompano, apite pa mjigo wakale uja wa kuseri kwa msika wa Chigovanyika, akayang'ane chogwirira chake ngati palibe zala zisanu zodindika m'chitsulo, ndipo akabwerako adzayeze ndi dzanja langali. Mukumva? Ine Wikisoni Mbewe, wobadwira pa komboni ya pa famu, mwana wa munthu amene adayenda wapansi kuchokera ku Dedza, sindidanamepo chibadwire, ndipo sindiyambira pa inu lero. Chanditsegula pakamwa ndi mkwiyo, ndikuuzeni poyera, mtima ukundiwawa. Mwana wanga Tadala, yekhayo amene ndili naye, amuitana ku intavyu Lolemba m'tauni ku Harare, ntchito ya muofesi, ndiye dzulo ndikumufunsa kuti watchena chonchi ulendo wakuti, iye osandiyang'ana n'komwe, kundiyankha m'Chishona monga amachitira ana a masiku ano, akuti, "Ndiri kuenda kwasekuru Yotamu, baba." Eti ndikupita kwa amalume a Yotamu! Kwa Yotamu! Ku Manyame Park! Kukaphunzira kayankhidwe ka mafunso kwa Yotamu, bambo ake omubereka ali pompano pansi pa mtengo ndi mabulashi awo opukutira nsapato, munthu amene intavyu yake ngakhale ndege zikuikumbukira mpaka lero!

Inu amene mudabwera mochedwa mu St Mary's muno, mu Chitungwiza, mumangodziwa Yotamu wa lero, wa geti lachitsulo, wa mimba, wopuma ntchito ku hotela, amene pa msonkhano wa sosaite yathu ya maliro mumamupatsa mpando wotsamira, ine n'kukhala pa njerwa. Yotamuyo ndidakula naye ine. Tidathyola fodya limodzi pa famu, tidabwera kuno pa lole imodzi, tidakhala m'chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo chuma chathu chonse chidali suti imodzi yakuda yomwe tidasonkherana n'kugula pa bhero, amene kumudzi amati kaunjika. Lamulo lake lidali losavuta: amene ali ndi ulendo ndiye wovala. Maliro, tchalitchi, kukafunsira mbeta, aliyense ndi tsiku lake. Koma taonani zodabwitsa, ndikavala ine anthu ankafunsa kuti wamwalira ndani, akavala Yotamu atsikana a kwaya ankasokoneza nyimbo. Suti yomweyo! Ulusi womwewo! Nanga pamenepo munthu osamva kanthu mumtima? Ine ndinkamva, sindibisa, chinkandidya ngati chiswe, makamaka kaseko kake kaja, ka kampata pakati pa mano, kamene kankachititsa azimayi a pamsika kumuwonjezera tomato asanapemphe.

Ndiye tsiku lina Lamulungu mkulu wa sosaite, amene ankaphika pa hotela ina yaikulu m'tauni, adabwera ndi uthenga. Akufuna weta, munthu woperekera zakudya kwa alendo, ndipo iye wapereka maina awiri, langa ndi la Yotamu, tikaonekere Lachisanu teni koloko m'mawa. Malo amodzi, amuna awiri, ola limodzi, suti imodzi. Tidakhala pansi tikuiyang'ana pa msomali pomwe tinkaikoloweka, mpaka Yotamu adati, "Achimwene, tiigawe pakati. Ndinu aakulu, yambani ndinu kusankha." Ine ndidasankha thalauza ndi nsapato, iye n'kutsala ndi jekete, shati yoyera ndi tayi. Chifukwa chake ndi nzeru, a Jere, nyumba imayambira pa maziko, ndipo mayi aliyense akuuzani kuti mwamuna amamuyeza kuyambira kunsapato. Chilipo chifukwa china, koma musandithamangitse.

Lolemba ndidayamba ndi thalauza. Magetsi adali atathawa monga mwa masiku onse, ndiye ndidabwereka ayironi ya makala kwa mayi eni nyumba, ndidaphika sitachi wa ufa wa chinangwa umene azakhali adabwera nawo pa basi kuchokera kumudzi, n'kuyamba kunyika, kusita, kunyika, kusita, kuyambira dzuwa likutuluka mpaka thumba lathunthu la makala lidatha, ayironi itafiira moti nkhuku yomwe idangodutsa pafupi idaikira dzira lowiritsa kale, ndipo mzere wa kutsogolo kwa thalauza udatuluka wakuthwa moti ndidametera ndevu pomwepo osapaka sopo, nditaliyanika pa waya, waya adaduka, ntchentche itatera pamzerepo idagawika pakati, theka lina n'kuulukira ku Zengeza, linalo ku Seke, lililonse likulira palokha, ndipo mbiri itamveka azimayi a mu layini yathu adabwera ndi repu ndi kabichi wawo n'kuima pamzere, kudulira pa mwendo wakumanzere, uku wa butchala akudulira mafupa a ng'ombe pa mwendo wakumanja. Mukumva? Pofika madzulo thalauza lidali litaima lokha pabwalo, mulibe munthu m'katimo, ndipo abusa podutsa adalivulira chipewa n'kulifunsa za kunyumba. Yotamu tsiku limenelo jekete adangolikung'untha kawiri, n'kulikoloweka pa msomali, n'kupita kukasewera bawo.

Lachiwiri nsapato. Apa ndiye musandisokoneze, chifukwa apa ndi pakwathu. Polishi, malovu, nsanza ya sokosi yakale, basi, palibe mankhwala ena. Ndidapaka, kulavulira, kupukuta, kupaka, kulavulira, kupukuta, mpaka malovu adatha ndidachita kubwereka kwa aneba, ndipo pofika masana dzuwa lidachita manyazi n'kubisala mumtambo, koma mu St Mary's simudade, nsapato zidali zikuwala zokha, anthu adatembenuza masola awo kuloza pakhomo pathu n'kutchaja mafoni layini yonse, tomato wosapsa wa pa Chigovanyika adapsa ola limodzi, gogo wina wa ng'ala m'maso adasuzumira pamphuno pa nsapato yakumanja n'kuona mbuzi yake yomwe idasowa ku famu kalekale ikudya msipu, ndiye kubwera za ndege. Bwalo la ndege mukulidziwa, lili pafupi pomwepa, tsidya la mtsinje wa Manyame. Ndege yaikulu itaona kuwalako idayesa ndi nyale za pabwalo pake, idatsitsa matayala, kulunjika layini yathu, kutsika, kutsika, agalu kukuwa, zochapa kuuluka, kutsikabe mpaka ndidaona mzungu wa pawindo akutafuna chingwa, ine n'kuvula malaya msangamsanga n'kuphimba nsapato zija, ndege n'kudzidzimuka n'kukweranso itakola bulangeti la mayi eni nyumba pa tayala, ndipo bulangeti limenelo anthu adakaliona ku Joni. Mphenzi indiwombe pano ngati ndawonjezera. Yotamu adali pakhonde akuchapa kolala ya shati ndi kachidutswa ka sopo, akuimba mluzu.

Lachitatu lidali la moni. Mkulu wa sosaite adatiuza kuti bwana amamuyeza munthu pa kagwiridwe ka chanza, dzanja lofewa ngati nthochi yakupsa silipeza ntchito. Nanga ndikadaphunzirira pa ndani? Munthu akadathyoka. Ndidapita pa mjigo uja, ndidapeza mzere wa zidebe wafika kumsewu, azimayi akukangana, madzi akutuluka timadontho, ine n'kunena kuti pepani amayi, sinditunga, ndingopereka moni. Ndidaima mowongoka, ndidagwira chogwirira, ndidati, "Gudumoningi, bwana," n'kugwedeza kamodzi kokha, kamodzi a Jere, madzi adaphulika, zidebe zonse kudzaza nthawi imodzi mpaka cha kumapeto kwa mzere, milamba kutuluka pampopi ili phiriphiri, nkhanu, achule, chipewa cha msodzi wina amene ankawedza kumtunda, mtsinje wa Manyame kuphwa mpaka anthu adawoloka osavula nsapato, azimayi kululutira, ena kusiya madzi n'kumatola ndiwo, ndipo pochotsa dzanja ndidapeza zala zanga zalowa m'chitsulo. Ndi zomwe ndakutumani kukaona zija. Moni womwewo ndidakauyesanso pa miyala ija yosanjikizana ya kuthengo, kuti ndimve ngati mawu akutuluka mwaulemu, ndipo mwala wapamwamba udawerama. Mpaka lero udakali chopendekera.

Lachinayi ndiye ntchito yeniyeni, pakuti weta ndi thireyi. Thireyi ndidalibe, ndidatenga chivundikiro cha mgolo, n'kusanjapo makapu khumi ndi awiri odzaza tiyi mpaka pamlomo, dzanja limodzi m'mwamba, linalo kumbuyo, n'kukwera kombi, minibasi ya ku Zengeza 4, ya hwindi, kondakitala wamisala uja wolendewera pakhomo amene ankalongedza anthu anayi pa mpando wa anthu atatu n'kuwonjezerapo nkhuku. Maenje a mumsewu umenewo mukuwadziwa, ena ali ndi achule awoawo. Kombi kudumpha, anthu kugundana mitu, mayi wina kutaya mano oikirira, ine osataya ngakhale dontho, kupatula pa dzenje lalikulu lija la pokhotera, pamene kombi idauluka matayala onse anayi, dontho limodzi n'kutuluka m'kapu, kudzera pawindo, ulendo kumwamba. Ine sindidadandaule. Ndidafika ku Zengeza 4, kutsika, kuzungulira mashopu katatu, kupereka moni kwa odziwana nawo, kukwera kombi yobwerera, ndipo pofika pa dzenje lomwe lija dontho lija lidali likutsika kumene, ndidangotulutsa thireyi pawindo, tho! M'kapu yake yomweyo, likadali lotentha. Mukumva? Nditafika kunyumba ndidapeza Yotamu akuwenga zikhadabo ndi lezala. Kukonzekera kwake konse kudali kumeneko.

Lachisanu kudacha. Thalauza lija silinkapindika, ndiye polivala ndidachita kuliimika m'mbali mwa khoma, kukwera padenga, n'kudumphiramo. Nsapato ndidazivala zili zokulunga m'mapepala, kuopa ngozi za pamsewu. Pamenepo m'pamene ndidakumbukira kuti munthu ali ndi kumtunda. Masiku anayi onse nzeru zanga zidathera m'chiuno kutsika pansi, shati yoyera ili kwa Yotamu, malaya anga aja ndidaphimbira nsapato adali atapserera, chotsala chidali sikipa yachikasu yomwe adatipatsa ku famu, ya chithunzi cha thumba la feteleza pachifuwa. Ndidati palibe kanthu, ndani angayang'ane sikipa pali thalauza lotere? Yotamu ndidamusiya atakhala pa mphasa, jekete lili pamiyendo, akuyang'ana kabudula wake wogwirira maganyu, wong'ambika kumbuyo, ndi patapata za mitundu iwiri, ina yofiira ina yobiriwira. Thalauza lina adalibe. Ndidamutsanzika mwaulemu kwambiri.

Kombi yoyamba ndidangoikhudza ndi bondo, chitseko chidagwa chodukaduka, hwindi n'kuyamba kulira, makombi ena onse n'kumandilambalala, ndiye ndidati miyendo ndili nayo, ndidalowa mumsewu wa Seke wapansi, ndipo poti mizere ija inkang'amba mphepo kutsogolo kwanga, padalibe chondigwira, ndidawoloka mlatho wa Manyame osauona, kupitirira makombi, kupitirira mabasi, kupitirira galimoto ya maliro yomwe idanyamuka dzulo lake, udzu wa m'mbali mwa msewu ukugwa wokha ngati pakudutsa otchetcha, mpaka ndidafika m'tauni eyiti isanakwane, mthunzi wanga utatsalira pa mlatho paja. Udandipeza masana uli wefuwefu.

Ndidaima pa geti la kumbuyo kwa hotela maola awiri, poti kukhala pansi sindikadatha. Mtima udali mbee. Ndinkadziona kale ndavala zoyera, ndikuyenda pakati pa matebulo, ndikubwerera ku St Mary's madzulo ndi kapepala ka nyama, atsikana a kwaya akusokoneza nyimbo chifukwa cha ine. Teni itatsala pang'ono ndidamva phathaphatha kumbuyo kwanga. Kucheuka, Yotamu! Wabwera! Kumtunda bwanamkubwa, jekete, tayi, kolala yoyera, tsitsi lopesa. Kumunsi mwana wamasiye, kabudula wong'ambika, maondo otuwa, patapata yofiira ndi yobiriwira. Adayenda choncho m'kombi, adadutsa choncho pakati pa tauni anthu akumuloza, ndipo adafika akumwetulira. Ine ndidaseka mpaka misozi, sindikukana. Iye adangoti, "Mwatchena, achimwene," ndipo adanena kuchokera pansi pa mtima, chimene chidandikwiyitsanso.

Mlonda adatilowetsa, kutidutsitsa m'kakhonde kopapatiza, n'kutiimika kutsogolo kwa khoma. Inu amene simudagwirepo mu hotela, tamverani. Pakati pa khitchini ndi chipinda chodyera pamakhala kawindo kotulutsira mbale, kotalika kufika pachifuwa cha munthu, ophika amaika chakudya pamenepo, weta n'kutenga. Tsiku limenelo kudali phwando la ukwati, ndipo bwana wa maweta, mayi wina wamagalasi wosadziwa kuseka, adali m'khitchini akuyang'anira ophika, ndiye adatuma mawu kuti alibe nthawi yopita ku ofesi, intavyu ichitikira pakawindo pomwepo. Mwamva bwino? Iye m'kati, ife kunja, pakati khoma la njerwa. Munthu ankaoneka kuyambira pachifuwa kupita kumutu. Tsoka silinunkha, a Jere.

Adayamba Yotamu. Adaima pakawindo, manja aukhondo aja atawasanjika pathabwa, kaseko kaja katatuluka, ndipo mayi uja adakweza maso n'kuona jekete, tayi ndi kolala. Ine ndili kumbuyo kwake ndikuona zoona zonse, chibowo cha kabudula chikundiyang'ana, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, koma nyererezo ndinkaziona ine ndekha! Adamufunsa kuti mlendo akakalipa kuti supu wazizira achita chiyani. Yotamu adati, "Ndipepesa, mayi, n'kumubweretsera wotentha." Basi! Yankho lake lonse! Mwana wa sitandade wani akadayankha chimodzimodzi! Koma mayi uja adagwedeza mutu ngati wamva ulaliki, n'kulemba kanthu pa pepala.

Kenako ine. Ndidachotsa mapepala kunsapato, kakhonde konse kadawala, ndidasendera pakawindo, mayi uja adakweza maso n'kuona thumba la feteleza. Adati, "Bambo, a kumunda amalowera geti linalo."

Maiwe! Masiku anayi! Thumba la makala! Malovu a layini yonse! Zonse zili kuseri kwa khoma! Ndidayesa kukweza mwendo kuti aone, thalauza lidakana kupindika. Ndidayesa kudumpha, chinkaoneka ndi feteleza yemweyo akukwera n'kutsika. Ndiye ndidachita chimene mwamuna aliyense wanzeru akadachita, ndidaika manja pansi, n'kuzondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba, nsapato zonse ziwiri n'kutulukira pakawindo paja, ndipo kuwala kudalowa m'khitchini ngati mwatsegulidwa chitseko cha kumwamba, nkhuku zosaphika zidapsa zokha pa tebulo, madzi oundana adasungunuka, keke ya ukwati idafufumanso kachiwiri mpaka idagunda denga, ophika adagwetsa zipande n'kuphimba kumaso, wina adagwada n'kuyamba kulapa machimo, magalasi a mayi uja adayatsa pepala lomwe adagwira, ndipo ine pansi paja, magazi atadzaza m'mutu, ndidayamba kuyankha mafunso onse, ofunsidwa ndi osafunsidwa omwe, za supu, za mafoloko, za kapindidwe ka nsalu, m'Chingerezi chosalala chimene sichidamvekepo mu Harare, koma pakamwa padali pansi penipeni, ndiye adachimva ndi mphaka wa pa hotelapo yekha. Nditafika pa moni uja ndidaphunzira pa mjigo, manja adali otanganidwa, ndidapereka phazi. Potambasula mwendo, mzere wa thalauza udakhudza thabwa la kawindo, thabwa lidagawika pakati ngati papaya, mbale makumi anayi za akwati n'kutsikira pa ine, mpunga, supu, saladi, zonse. Ndipo ndikulumbira pali malemu mayi anga, ngakhale pamenepo sindidagwe, ndidakhala chozondoka, mbale imodzi itatera pa chidendene osatayika.

Kenako ndidamva mawu a mayi uja kumwamba kwanga, akulankhula ndi nsapato zanga. Adati, "Nsapato zabwino zedi. Koma ife tikufuna wonyamula mbale ndi manja."

Adamulemba Yotamu. Ola lomwelo adamutengera kuchipinda chosungira katundu n'kumupatsa yunifolomu, ndipo mukudziwa zimene zidali m'katimo? Thalauza latsopano ndi nsapato zatsopano! Zaulere, a Jere! Chimene ine ndidafera masiku anayi, iye adachilandira m'pepala la pulasitiki, ndipo mayi uja ataona kabudula uja akuti adaseka koyamba chilowereni ntchito, n'kunena kuti munthu wolimba mtima chonchi sangaope mlendo aliyense. Mwamva? Kabudula yemweyo adasanduka satifiketi! Zaka zonse zimene zidatsatira Yotamu ankabwera ndi kapepala ka nyama kaja, adakwera kukhala mkulu wa maweta, adakwatira woimba patsogolo mu kwaya, adamanga ku Manyame Park, ndipo ine ndidabwerera wapansi ndi mpunga m'makutu, n'kukhala pansi pa mtengo uno ndi chinthu chimodzi chimene bwana adachiyamikira. Kuyambira tsiku limenelo ndine wa nsapato.

Mukuti chiyani, a Jere? Chifukwa china chija? Ha, inunso simuiwala. Chabwino, ndakalamba, ndinene. Za maziko a nyumba zija ndidazipeka pambuyo pake. Pamene Yotamu adati sankhani, ine ndidayang'ana pa msomali, ndidayang'ana pa chingwe pomwe padali kabudula wake, n'kuwerengera mumtima kuti munthu angathe kupita m'tauni wopanda jekete, koma wopanda thalauza sangatuluke m'nyumba. Sindidasankhe thalauza kuti ndioneke bwino ayi. Ndidalisankha kuti Yotamu asapite. Jekete lija lidali lokongola kuposa, ndinkalifuna ndi mtima wonse, koma ndidalisiya dala kuti mnzanga amene ndidadya naye mbale imodzi atsale pa mphasa. Choipa chitsata mwini, amatero, ndipo chidanditsata mpaka pakawindo.

Koma chimene chimandipha si chimenecho. Chimandipha n'choti Yotamu mpaka lero sadziwa, kapena amadziwa koma amachita dala. Pa ukwati wake adaimirira n'kunena kuti zonse ndi chifukwa cha achimwene anga a Mbewe, amene adali ndi mwayi wosankha koma adandisiyira jekete. Potsegulira nyumba ku Manyame Park, mawu omwewo. Pa sosaite chaka chilichonse, mawu omwewo, anthu n'kumandiombera m'manja ine ndili pa njerwa, ndikumeza malovu owawa. Akadanditukwana kamodzi kokha bwenzi nditachira kalekale. Koma ayi, munthu akungondithokoza, kundithokoza, zaka zonsezi, ndipo nsapato zake amabwera nazo pano yekha, pa galimoto.

Ndiye lero m'mawa Tadala wabwera. Waima apo mwaimapo inu, watulutsa nsapato izi m'chikwama, zakuda, zachidendene chachifupi, n'kulankhula Chichewa, chimene sachita kawirikawiri. Wati, "Ababa, a Yotamu andiphunzitsa mafunso onse, koma akuti za nsapato iwo sadziwa kanthu. Akuti katswiri mu Chitungwiza muno ndinu." Mwaona nkhanza zake? Ngakhale ulemu wochokera kwa mwana wanga wobereka ndekha uchite kudzera ku Manyame Park! Ndidafuna kuzikana. Ndidafuna kunena kuti bwerera nazo kwa sekuru wakoyo akazipukute ndi tayi. Koma mwanayo adali akundiyang'ana, ndipo ntchito imeneyi waidikira zaka zitatu akugulitsa maeyataimu pamsewu.

Ndi izi zili pamiyendo pangazi, ndaziphimba ndi nsanza. Ndayamba sikisi koloko, ndapaka kasanu ndi kawiri. Bulauzi ndamuuza avale yoyera, aichape bwino kolala, awenge zikhadabo, ndipo akafunsidwa ayankhe mwachidule, zimenezo ndazidziwa ndekha, sindidaphunzire kwa munthu. Yotamu amutenge kuyambira m'chiuno kupita kumutu, palibe kanthu, koma kuchokera m'chiuno kutsika pansi mwanayo ndi wanga, ndipo Lolemba akalowa muofesimo ngakhale atamuimika kuseri kwa khoma, kuwala kudzadzera pansi pa chitseko. Sendezani uko, a Jere, mutseke maso. Ndikufuna kuchotsa nsanzayi, ndipo ndege ya masana yayandikira.